Chifukwa Chake Msewu wa ku Sendera Udakhota

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, ngakhale ndikuona ena mwayamba kale kuyasamula. Yasamulani, palibe mlandu. Nkhani yake ndi ya anthu otopa, ndipo ine woinena ndatopa kuposa inu.

Padangokhala mzinda wa nyama, mzinda wosakhuta. Chaka ndi chaka unkameza mudzi wa m'mphepete mwake, nkupukuta pakamwa, nkuyang'ana wina. Nyama zikuluzikulu zinkagwira ntchito m'kati mwa mzindawo koma sizinkafuna kugonamo chifukwa cha phokoso, ndiye zinkamanga nyumba za mipanda kunja kwake. Zikafuna kumanga, tinyama ta pamalopo tinkauzidwa mawu amodzi okhaokha, akuti senderani uko. Tinyamato tidasendera, nkusenderanso, mpaka malo amene tidakaunjikana adangotchedwa kuti ku Sendera. Kenaka Sendera nayenso adakula nkukhala tauni ya khonsolo yakeyake.

Khonsolo imeneyo ndikuuzeni. Meya adali Njiri. Nyama zidamusankha chifukwa zinkamuona atagwada nthawi zonse, nkumati koma mkulu uyu ndi wodzichepetsa, osadziwa kuti njiri imagwada ikamadya. Makhansala adali a Gulo okhaokha, ndipo gulo mumamudziwa, chilichonse chimene wamva amangogwedezera mutu. Koma mwini mphamvu weniweni adali Bilimankhwe, mkulu wa mapu. Iyeyu ndiye ankagawa tauni ndi utoto: pamene wapaka chikasu pakhale nyumba, pofiira pakhale malonda, pakuda mafakitale. Vuto lake, diso limodzi linkayang'ana mapu, linalo linkayang'ana wamkulu amene wakhala naye pafupi tsiku limenelo, ndipo utoto unkatsata diso lachiwirilo. Utoto ukauma, Kakowa wa miyendo italiitali ankapita kukakhoma zikhomo. Pambuyo pa Kakowa pankabwera Chipembere, wogwetsa nyumba.

Ku Senderako kunkakhala Bwampini ndi mkazi wake Nangondo. Pa unyamata wake Bwampini adali tambwali wotheratu, woti ankatha kukugulitsa mbuzi yako yomwe, iwe nkuthokoza. Koma pa nkhani ya zikhomo utambwaliwo udali usanamuthandizepo. Adasamuka mpaka kuiwala kuti kangati. Chitseko chake chidali chimodzi chomwecho, ankangochizula nkukachikhoma pa nyumba ina, moti mabowo a misomali adachuluka kuposa thabwa lenilenilo. Pa msamuko womaliza miyendo ya Nangondo idatupa panjira, ndipo Bwampini adachita kumubereka kumsana, mayi wamkulu ngati khanda, anthu a m'njira akuseka. Nangondo sadalire pamenepo. Adalira atafika, atamutsitsa pa bwalo lopanda ngakhale mzati umodzi. Ndi pamene Bwampini adatapa dothi nkulumbira.

"A Nangondo, pano ndi pomaliza. Simudzasamukanso."

"Musamalumbirire pa nthaka ya eni ake," adatero Nangondo. "Koma ndamva. Miyendo yangayi yamvanso."

Anthu a ku Sendera adali ndi nyimbo yawo ya msamuko, ndipo woiyambitsa nthawi zonse adali Nangondo. M'nyimbomo mtondo umafunsa mutu umene wausenza kuti ulendowu ndi wa kuti, mutu nkukankhira funsolo kwa chikhomo, chikhomo nkudandaula kuti icho chidangokhomedwa. Woyambitsa ndiye amafunsa, gulu limayankha, ndipo imayenda pang'onopang'ono ngati munthu wolemedwa ndi katundu. Sikuti idali yokoma. Inkangothandiza kuti miyendo isaime.

Zaka zidapitapo. Nyumba idamangidwa, chitseko chija chidakhomedwa, nthochi zimene Nangondo adadzala kuseri zidayamba kubereka. Ndiye tsiku lina Njovu, mwini masitolo a m'mzinda, adakacheza kwa Bilimankhwe nkukhala naye pafupi. Pomwe ankatsanzikana, mbali ya kwa Bwampini pa mapu idali itafiira.

Khonsolo idaitanitsa msonkhano woti imve maganizo a anthu. Misonkhano imeneyi mumaidziwa, amakuitanani utoto utauma kale. Nyama zidakhala padzuwa kuyambira m'mawa, Meya Njiri nkufika dzuwa litapendeka, pakamwa pali noninoni. Nkhanga adalankhula. Chule adalankhula mpaka mawu kusasa. A Gulo adagwedeza mitu, nyama nkumati eya, atimvera. Kenaka Bilimankhwe adalengeza kuti malowo ndi a malonda, nyumba zichoke, ndipo a Gulo adagwedezanso mitu chimodzimodzi.

Bwampini sadadandaule nawo. Adadziwa kuti mbewa ya manyazi idafera ku una, komanso adadziwa kuti mbewa yolongolola imangotopa pakamwa. Adangoimirira kamodzi, chipewa m'manja, nkufunsa ngati sitolo imaloledwa kukhala ndi alonda. Bilimankhwe adati inde, sitolo yopanda mlonda si sitolo. Bwampini adathokoza nkukhala pansi.

Anansi ambiri adamanga katundu. Posamuka adadutsira pakhomo pa Nangondo kuti awayambitsire nyimbo. Adaiyambitsa ali chikhalire pakhonde, iwo nkumayankha akupita, mpaka mayankho adasiya kumveka.

Kakowa atafika ndi zikhomo zake, Chipembere akupuma mwaphokoso kumbuyo kwake, adapeza kabenchi pakhomo pa Bwampini, pali timilu titatu ta tomato.

"Madala, nyumba iyi ichoke. Kuno ndi kwa malonda."

"Nyumba iti, bwana? Iyi ndi sitolo."

"Nanga mphasa ndikuziona m'katimo?"

"Za alonda."

"Alonda awiri kulondera timilu titatu?"

"Akuba a masiku ano, bwana, mukuwadziwa."

Kakowa adakanena kwa Bilimankhwe, ndipo Bilimankhwe adabwera yekha ndi kayendedwe kake kaja kokhala ngati akupempha chilolezo kwa nthaka. Diso limodzi lidayang'ana tomato, linalo lidayang'ana Bwampini. Adadziwa bwinobwino, paja atambwali sametana. Koma lamulo lake lomwe silidanene kuti sitolo ikule bwanji. Adangouza Chipembere kuti adutse.

Musaganize kuti kudali kupambana kokoma. Sitolo iyenera kukhala yotsegula, ndipo Kakowa ankadutsa nthawi iliyonse imene wafuna. Choncho Bwampini adasanduka wa pabenchi, kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa. Kumunda osapita, kumaliro osapita. Wogula akabwera ankamukaniza kuti awa ndi oonetsera chabe, chifukwa akagulitsa, sitolo ikhala ndi chiyani? Tomato akaola ankasaka wina. Nangondo ankamuseka kuti adakwatiwa ndi tambwali wa dziko lonse, lero akukhala ndi mkulu wothamangitsa ntchentche. Bwampini ankaseka nawo, msana ukuwawa.

Masitolo a Njovu sadabwere. Njovu adapeza malo ena abwino, zikhomo zija nkudyedwa ndi chiswe. Amene adakhulupirira utoto wofiira adali Nkhanga yekha, yemwe adagwetsa nyumba yake nkumanga okala yeniyeni, ya mashelefu ndi zonse.

Kenaka Njati, amene ankafuna malo a mafakitale, adakacheza kwa Bilimankhwe nkukhala naye pafupi. Malo ofiira aja adada bii.

Msonkhano udaitanidwanso, dzuwa lomwe lija, Meya kuchedwa komwe kuja. Nkhanga adalira misozi kufunsa kuti okala yake apite nayo kuti, poti iye adamvera lamulo. A Gulo adamugwedezera mitu mwachifundo. Bilimankhwe adalengeza kuti malowo tsopano ndi a mafakitale, nyumba ayi, masitolo ayi. Bwampini adaimiriranso, mawondo akulira, nkufunsa kuti kodi fakitale munthu amaidziwira chiyani. Bilimankhwe adakumbukira za alonda zija, koma pagulu sakadakana kuyankha. Adati fakitale imadziwika ndi utsi ndi phokoso.

Nkhanga ndi otsala aja adasamuka. Nangondo adawayambitsira nyimbo pakhonde pomwe paja, koma oyankha adali ochepa moti funso la mtondo linkamveka kwambiri kuposa yankho la mutu.

Bwampini adachotsa kabenchi. Adaboola denga nkulowetsapo nsungwi, pansi pake nkuika phale la moto, nkumaunjikapo masamba aawisi ndi zitsononkho zonyowa. Nangondo, poti sankatha kuimirira, adamukhazika pambali pake ndi khasu lakutha ndi mwala. Kakowa atabwera ndi Bilimankhwe adapeza utsi uli tolotolo padenga, m'nyumba mukumveka ngwee, ngwee.

"Mukupanga chiyani m'fakitale muno, madala?" adafunsa Bilimankhwe.

"Pakali pano utsi, bwana."

"Utsi wokha?"

"Ndi phokoso. Zinazo zikubwera. Kodi ya a Njati yayamba kutulutsa chiyani?"

Ya a Njati idali chikwangwani chokha, chozikidwa pa tchire. Bilimankhwe adasintha mtundu kawiri ali chiimire, nkubwerera.

Koma walira mvula walira matope. Fakitale siipuma, ndipo utsi umenewo unkayenera kutuluka tsiku ndi tsiku. Nsungwi inkatenga gawo lake, wotsalawo unkazungulira m'nyumba. Bwampini ankatuluka kukathyola masamba, nkupumako mpweya wabwino. Nangondo ndiye ankakhala momwemo ndi khasu lake. Mwamuna wake akati amunyamule akamukhazike panja, ankakana, amvekere ndikatuluka ine phokoso apanga ndani, inu muli ndi manja angati? Adayamba kutsokomola. Bwampini adati ndi chimfine. Chimfine chake chidapyola nyengo yozizira, chidapyola yotentha, ndipo Bwampini akamamva chifuwacho ankachita mantha, koma ankawonjezerabe masamba pamoto, chifukwa kusiya kudali kuitana Chipembere.

Mafakitale nawonso sadabwere. Ndikanakonda ndikadakuuzani kuti khonsolo idachita manyazi, koma khonsolo ilibe nkhope. Chimene chidachitika ndi chakuti nyama za m'mipanda zija zidayamba kudandaula kuti zikumachedwa ku ntchito, njira yolowera m'mzinda ndi yozungulira. Zidapita kwa Bilimankhwe zonse pamodzi nkumukhalira mbali zonse. Ulendo uno sadapake utoto. Adangojambula mzere waukulu, wowongoka ngati nsungwi, wodutsa pa chitseko cha Bwampini penipeni. Udali msewu.

Ku msonkhano womva maganizo a anthu, wa mbali imeneyo adali Bwampini yekha. Meya Njiri adafunsa ngati pali funso. Ulendo uno Bwampini sadaimirire. Munthu ungadzitche sitolo, ungadzitche fakitale, koma sungadzitche msewu. Msewu amauponda pamsana.

Bwampini atafika kunyumba, Nangondo adangoona mmene adakolekera chipewa nkudziwa zonse. Adayambitsa nyimbo ija yekha, mosapemphedwa. Chifuwa chidaidula pakati, ndipo Bwampini adayankha yekhayekha, ndi mawu a munthu amene sakufuna kuvomera.

M'mawa mwake adatenga ndodo nkutsata njira yakale, kubwerera m'malo onse amene adakhalamo, poganiza kuti mwina nzeru zake adazitaya kwinakwake panjira. Pamene padali nyumba yawo yachitatu adapeza mpanda. Pa yachiwiri adapeza mpanda wina, ndi galu. Ku mudzi woyamba, kumene adabadwira, adapeza msewu wakale utadya zonse, bwalo, nkhokwe, chitsime. Koma pamalo amodzi msewuwo udakhota, nkuzungulira, nkukawongokanso patsogolo. Bwampini adayandikira kuti aone chimene chidakhotetsa chinthu chosamva ngati msewu. Adali manda a makolo ake.

Adakhala pansi nkuseka, kuseka kopanda chimwemwe. Zaka zonsezi iye ankavutika kutsimikizira khonsolo kuti ali moyo ndipo akugwira ntchito, chonsecho khonsolo imalemekeza ogona okha. Amoyo ndiwo amasendera.

Atafotokozera Nangondo nzeru yakeyo, mayiyo adakana kwamtuwagalu. Adati manda sakumbira munthu wamoyo, dzenje likayasama limafuna chakudya chake. Bwampini adati zimenezo akuzidziwa, ndipo akudziwanso chimene akuluakulu amachita manda akakumbidwa popanda mtembo: amagonekamo thunthu la nthochi kuti dzenje likhute, lisaitane munthu. Nangondo adati ndiye kuti mwaziona nthochi zanga. Bwampini adati nthochi tidzadzala zina, miyendo sitingadzale ina. Nangondo adatembenukira kukhoma, ndipo Bwampini adatenga kumeneko ngati chilolezo.

Tsopano mverani pamene kuchenjera kudapyola muyezo. Akuluakulu akafuna thunthu la nthochi amadula pamwamba, chitsa nkuchisiya m'nthaka, ndipo amadziwa chifukwa chake. Koma Bwampini adaganiza kuti Kakowa ndi wamtali, akasuzumira kuseri nkuona zitsa adzafunsa kuti mathunthu apita kuti. Ndiye adazikumba nthochizo ndi zitsa zomwe, nkusalaza pamalopo kuti pasaoneke kanthu. Adadziyamikira yekha kuti mutu ukadalipo. Adakumba maenje kuzungulira nyumba, makamaka pamene mzere unkadutsa, adagonekamo nthochi, adaumba mitumbira, adazika nkhadze, adaika mbale zosweka ndi miphika yoboola pansi. Pamwamba adawazapo masamba ouma kuti pazioneka pakale. Moto wa fakitale adauzimitsa.

Kakowa atafika adaima chapatali nkuvula chipewa. Chikhomo chidamukanika kukhoma. Chipembere, amene sankaopa khoma lililonse, adabwerera chambuyo osatembenuka, poti mizimu ilibe poigunda. Khonsolo yonse idabwera kudzaona. Meya Njiri adagwada pamtumbira woyamba, ena nkumati taonani ulemu, chonsecho adali atanunkhiza muzu woti adye.

"Agona apa ndani, madala?" adafunsa Bilimankhwe.

"Makolo, bwana."

"Nthawi ya sitolo sindidawaone. Nthawi ya fakitale sindidawaone."

"Adali pomwepa, bwana. Ndi anthu osakonda kudzionetsa."

A Gulo adagwedeza mitu. Bilimankhwe adati msewu samanga nthawi ya dzinja, ndiye nkhaniyi idikire, adzabweranso.

Mvula idagwa. Bwampini adagona tulo koyamba pa zaka zambiri, tulo ta munthu wopanda benchi, wopanda moto wosonkhezera. Ndipo tsiku lina potuluka adaona kamphukira kobiriwira pamtumbira wa pakhomo. Adakathyola. Mawa lake tidatuluka tiwiri. Adayang'ana uku ndi uku, mtumbira uliwonse udali utaphuka nthochi. Adathyola, adapondaponda, adakwirira, koma chitsa cha nthochi chikamwa madzi sichimva za munthu. Adalimbana nazo mpaka manja kuchita matuza, nthochi nkumakula ngati zikumuseka.

Bilimankhwe adabwera yekha, wopanda Kakowa, wopanda a Gulo. Adazungulira mitumbira yonse pang'onopang'ono nkudzakhala pakhonde osapatsidwa mpando.

"Makolo anu aphuka, madala."

"Adali anthu okonda ulimi, bwana."

Palibe adaseka. Bilimankhwe adati ili ndi dimba, ndipo msewu sukhotera dimba. Kenaka adalankhula motsitsa mawu, ngati munthu kwa munthu mnzake. Adati nayenso watopa, kwa Bwampini ndi kutali ndipo iye sayenda msanga. Adati utoto uliwonse umene ali nawo umapakika pamwamba pa unzake, kupatula umodzi, woyera, wa manda. Umenewo ukapakidwa palibe Njovu kapena Njati angausinthe.

"Mundionetse manda amodzi enieni, ndipaka woyera, simudzandionanso. Apo ayi, mvula ikatha Chipembere abwera."

Atapita, Bwampini adakhala pakhonde mpaka mthunzi udasuntha. Adafufuza m'mutu mwake monse, nkupezamo mbee. Ndiye adadzuka, adatenga nyundo, nkuyamba kuzula msomali woyamba wa chitseko. Nangondo adaumva kulira kwa msomaliwo ali pamphasa. Ankaudziwa bwino.

"Siyani chitsekocho."

"A Nangondo, nzeru zandithera. Ndikuberekaninso, mundikhululukire."

"Mwachenjera katatu, zakwana. Kwatsalaku ndisiyireni ine."

"Musalankhule choncho."

"Si ine ndikulankhula, ndi chifuwachi. Chidandiuza kale kuti chimanga cha chaka chino sindichilawa. Changa nchimodzi: musadzandinyamule kupita nane kumanda a khonsolo. Mudandibereka kamodzi pamaso pa anthu, kudakwana. Mudzandigoneke pakati pa nthochi zanga."

Bwampini adagwetsa nyundo. Adati utsi uja ndi umene wachita izi, ndipo utsiwo adauyatsa ndi iye. Adalira ngati mwana, mkulu wa imvi. Nangondo adamusiya alire, kenaka adati utsi udali wanu, koma khasu ndinkamenya ndine, ndipo palibe adandigwira dzanja. Adamuuza kuti abwezere msomaliwo, mphepo ikulowa.

Adamwalira mvula isanathe. Uthenga udayenda, ndipo onse amene adasamuka aja adabwera, Nkhanga, Chule, ndi ena oti Bwampini adali atawaiwala nkhope. Adzukulu, a Mfuko ndi abale awo, adafunsa kuti tikumbe kuti, iye nkuwalozera pakati pa nthochi, pamene mzere wa msewu unkadutsa. Bilimankhwe adabwera pamaliropo nkuima kumbuyo. Amene adamuona amati tsiku limenelo maso ake onse awiri adayang'ana malo amodzi. Atabwerera ku ofesi adatenga utoto woyera nkupaka, ndipo mzere uja adaukhotetsa.

Anthu atameta nkubalalika, Bwampini adatsala yekha m'nyumba yake, yomwe tsopano palibe akadaigwetsa chifukwa cha msewu. Lumbiro lake lidali litakwana. Sankadziwa ngati athokoze kapena atukwane, ndiye ankangosesa pamanda nkukhala pansi.

Sipadapite nthawi, adaona Kakowa akubwera wopanda zikhomo, Bilimankhwe ali pambuyo. Adapereka moni wa pamaliro, adakhala pansi, adayamba ndi za mvula. Kenaka Bilimankhwe adafika pa chimene adadzera.

"Madala, malo oyera ndi a ogona okha. Wamoyo sakhala kumanda."

"Ndine mlonda wa mandawa, bwana."

"Manda amadzilondera okha."

"Ndiye ndine mdzukulu."

"Adzukulu amakumba nkubwerera kwawo."

Bwampini adafunafuna yankho lachitatu. Mwina likadapezeka, mutu uja sudali wamasewera. Koma adayang'ana m'nyumba, mphasa imodzi yoyala, ina yopinda, nkuona kuti palibenso womuchenjerera. Adangofunsa kuti ndiye apite kuti.

Bilimankhwe adati pakali pano asendere uko, mapu atsopano akukonzedwa. Ataimirira kuti azipita adatembenukanso, ndipo sikuti ankanyoza ayi, chidali chifundo chokhacho chimene ofesi yake inkalola.

"Koma puloti yanu ilipo, madala. Ndakusungirani pambali pa mayi, palibe adzakulandeni. Mudzabwere mukadzakwanitsa zofunika."

Bwampini adazula chitseko chija komaliza, koma sadachisenze. Adakachiyedzamitsa pa nkhadze ya kumutu kwa Nangondo nkuchisiya pomwepo. Mtondo adausiya, mphasa adazisiya. Tinthu tochepa tomwe adafuna, timbewu ndi kamchere, adatilonga m'masaya mwake, kuti tsiku lina akadzauzidwanso kuti sendera asadzavutike kumanga mtolo. Nchifukwa chake mpaka lero bwampini amayenda masaya ali tutumu, ndipo samanganso nyumba ya chitseko. Amangokumba una, makamaka kufupi ndi nthochi.

Msewu udamangidwa. Umachoka m'mzinda uli chiwongokere, koma ukafika ku Sendera umakhota, ndipo nyama za m'mipanda zimachepetsa liwiro pamenepo zikung'ung'udza kuti adakonza mapu amenewa ndi chitsiru chanji. Sizidziwa kuti pakati pa nthochizo pagona mayi mmodzi amene adalonjezedwa kuti sadzasamukanso.

Tsiku losamukalo Bwampini adaima pokhota pomwepo, msewu usanathiridwe phula, nkuyang'ana kumbuyo. Miyendo inkafuna nyimbo kuti iyende. Koma iye moyo wake wonse ankangodziwa mbali yoyankha, ndipo wofunsa adali atagona. Adadikira pang'ono ngati kuti mwina ayambitsa. Kenaka adanyamuka chete, pakamwa podzaza ndi katundu.

Yathera pamenepo. Mbatata ija kaphuleni nokha, ngati yapserera idyeni momwemo, ine ndikapumeko.